Tsiku limene ndinagwadira azamba a ku Vietnam

Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi inayi pamene ndinamusiya n'kupita ku Vietnam. Anthu akamandifunsa za ulendowu amafuna kumva za ndege ndi zakudya, koma ine chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kulemera kwa mabere anga.

Gulu lathu la alimi a mtedza, kuno kufupi ndi Nsaru, linapatsidwa malo awiri pa ulendo wokaphunzira kuyanika ndi kusunga mtedza kuti usachite chuku. Malo amodzi anali a amayi apampando, mayi wachikulire amenenso ndi mkulu wa mpingo kwathu. Enawo anagwera ine chifukwa ndili ndi satifiketi ya zaulimi ndipo Chingerezi ndimayesako. Ndinakana kawiri. Kachitatu bambo ake a mwana anati, "Mukakana, mudzakhala mukutinena ifeyo mpaka kukalamba."

Apongozi anga aakazi sanandiletse. Anangonena uku akusenda nandolo, osandiyang'ana.

"Pitani, mwanayu titsala naye, phala amadya. Koma mudziwiretu kuti bere latha. Mayi akagona kutali masiku asanu ndi atatu mkaka umasasa. Mukabwera asadzayamwenso, angatsegule m'mimba."

Anamwino a kusikelo anali atandiuza kale kuti mkaka susasa m'bere, bola ndizikama tsiku lililonse kuti usaume. Ndinkadziwa. Koma kudziwa kwanga kumathera pakhonde la apongozi. Ndinangoti, "Chabwino, amayi," n'kukalirira kubafa.

Choncho ku Vietnam ndinkakama m'mawa ndi madzulo m'kabafa ka kuhotela, n'kumaona mkaka wa mwana wanga ukutsika ndi madzi a pampopi. Tsiku lililonse unkaoneka ngati ukuchepa. Mwina sunkachepa, mwina ndi maso anga. Ndinkaopa zinthu ziwiri: kuti uuma ndisanafike, kapena ndifika nawo koma sandilola kumupatsa.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunalibe maphunziro. Anatikweza basi kutipititsa ku tawuni ina yakale ya m'mbali mwa mtsinje, kumene amati kale ngalawa za amalonda ochokera kutali zinkakocheza. Wotitsogolera anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wangawu, atanyamula ambulera yaing'ono. Kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola asanu, ndiye ine ndinkayenda ndi mawotchi awiri m'mutu. Thupi linali m'tawuni, mtima unali kwathu kumene kunali kusanache.

Mwina n'chifukwa chake ndimaikumbukira ngati maloto. Makoma onse anali achikasu ngati chikasu cha dzira, ena atamera ndere. Madenga anali a matailosi akuda, otsika, opindika m'makona. M'misewu yopapatiza munalibe galimoto, njinga zokha zikudutsa mwakachetechete, ndipo pamwamba panapachikidwa nyali zansalu, zofiira ndi zobiriwira, zosayatsa, zikugwedezeka ndi kamphepo kochokera kumtsinje. Kunali kutentha konyowa, kutentha kokhala ngati munthu wakufunditsa bulangete lonyowa. Tinadutsa pa kamlatho kokhala ndi denga. Ndinaganiza, anthu awa amafolera ngakhale mlatho, pamene kwathu khitchini yanga yatha zaka ziwiri ikudontha.

Tinalowa m'nyumba ya wamalonda wina wakalekale. Inali yopapatiza koma yaitali, ukamalowa umangopitirirabe ngati ukulowa m'mimba mwa chinthu. Mizati inali ya mitengo yakuda, yosalala chifukwa cha manja a anthu. Pakati pa nyumba panalibe denga, kuwala kunkagwera pa miphika ya maluwa. Wotitsogolera anatisonyeza mizere pakhoma, ina yofika m'chiuno, ina kupitirira mutu wanga. Anati ndi pamene madzi anafika mtsinje utasefukira, chaka ndi chaka. Anatisonyezanso chibowo kudenga chimene amakwezerapo katundu ndi chingwe madzi akamabwera. Ine ndinangoganiza za ana. Kodi iwo amawakweza bwanji? Ndani amawalandira kumwambako?

Pakona panali tebulo lokhala ndi zithunzi za makolo awo amene anamwalira, patsogolo pake nthochi, malalanje ndi timakapu ta tiyi. Amayi apampando anandikodola.

"Nthochi zonsezi n'za akufa? Kwathu bwenzi amoyo atathana nazo kale."

Kumsika n'kumene zinandiyambira. Amayi ovala zipewa zosongoka ngati denga la nkhokwe anali atakhala pa timipando tating'ono, ndiwo zamasamba zosadziwika mayina zili m'madengu, nsomba zikuphiriphitha m'mabeseni. Amayi apampando anapeza mtedza, waung'ono wofiira, n'kutafuna umodzi osapempha.

"Wauma bwino," anatero, ngati akhumudwa.

Ine ndinali nditaona china. Pansi pa tebulo la mayi wogulitsa tsabola panali khanda litagona m'kansalu komangirira ku miyendo ya tebulo, mayi ake akuligwedeza ndi phazi uku akugulitsa. Kaphazi ka khandalo kanatulukira kunja. Pomwepo mabere anga anayabwa, kenako ndinamva kunyowa. Amayi anga ondibereka amati bere likatero, ndiye kuti mwana akulira kumene ali. Ndinayang'ana foni. Kwathu inali sikisi koloko m'mawa, nthawi imene amadzuka n'kumafufuza pachifuwa panga maso asanatsegule.

M'chikwama ndinali ndi chitenje chimene ndimamuberekera. Ndinabwera nacho chosachapa dala. Ndinadzifunditsa pachifuwa kubisa bulauzi, ndipo tinapitirira kukachisi.

Kachisiyo akuti anamangidwa ndi amalonda a ku China amene anakhazikika m'tawunimo. Padenga panali zinjoka zandevu zopangidwa ndi zidutswa za mbale. M'kati munali mdima wofiirira, ndipo kudenga konse kunalendewera lubani wopindidwa mozungulira, wamkulu ngati mitanga yovundikira anapiye. Ankaoneka ngati fodya m'chigafa, kusiyana kwake uyu ankafuka pang'onopang'ono, phulusa likugwa lokha ngati mvula yowaza. Utsi unkandilowa m'maso. Phokoso la msika linatsalira kutali.

Kuchipinda cha kumbuyo kunali mafano a amayi khumi ndi awiri, atakhala m'mizere, ovala nsalu zowala, ambiri atanyamula makanda. Nkhope zawo zinali zozungulira, zodekha, ngati za amayi amene aona ana ambiri akubadwa ndipo palibenso chowadabwitsa. Wotitsogolera anati amenewa ndi azamba. Anthu akumeneko amakhulupirira kuti mwana akabadwa, mzamba aliyense amamuphunzitsa chinthu chimodzi. Wina kumwetulira, wina kugona, wina kutembenuka, wina kuyamwa.

"Wophunzitsa kuyamwa ndi uti?" ndinafunsa.

Anaseka, n'kunena kuti sakudziwa bwino. Kenako analoza mmodzi wa kumapeto. "Mwina uyu."

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula, chifukwa sindinauzepo bambo ake a mwana. Ndinagwada. Ine wobatizidwa ndili khanda, woimba kwaya kuyambira ndili kupulayimale, ndinagwada pamaso pa mafano n'kuwomba m'manja katatu, pang'onopang'ono. Sindinaganize. Kwathu sungaime chilili amayi akuluakulu atakhala pansi, makamaka azamba. Ndinaleredwa choncho, ndipo mawondo anapinda okha mutu usanawafunse. Koma ndikanama ndikati zinathera pomwepo. Ndili chogwada ndinanena mumtima kuti, "Asaiwale." Mpaka lero sindidziwa kuti ndinkauza ndani.

"Iwe!" Anali amayi apampando, mawu otsika koma akuthwa. "Dzuka msanga. Ndikanene chiyani kumpingo? Kuti tinapita kukaphunzira za chuku, mnzathu n'kubwerako ndi milungu khumi ndi iwiri?"

"Ndimangopereka moni, amayi."

"Moni? Ayankha?"

Ndinadzuka mwamanyazi, ndipo podzukapo chitenje chinagwa. Anaona bulauzi yanga itanyowa mpaka pamimba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana azamba aja, n'kupukusa mutu.

"Nkhani yake ndi imeneyi eti? Bwera kuno."

Anauza wotitsogolera ndi manja kuti tikufuna malo obisika. Iye anatipititsa kuseri, pa kabwalo kokhala ndi mpopi ndi mtengo wa maluwa oyera. Amayi apampando anamasula chitenje chawo n'kuchitambasula ndi manja awiri kunditchinga, atandifulatira.

"Kama. Usafulumire."

Ndinakama ndikulira. Ndinawauza zimene apongozi ananena. Anayankha osatembenuka.

"Ine ndinagonapo m'chipatala milungu iwiri, nditasiya wa miyezi isanu ndi umodzi. Apongozi anga ananenanso zomwezo. Nditabwerako ndinkamuyamwitsa mobisa kuseri kwa nkhokwe. Ndi uja umamuona ndi ngolo ya ng'ombe pamsika, chimunthu chosalowa pakhomo. Mkaka wosasa umenewo?"

Ndinaseka mamina ali m'mphuno.

"Apongozi ako tinavinidwa limodzi. Ndikalankhula nawo ine. Koma zogwadira zidolezi zithere konkuno."

Tinafika kwathu patapita masiku awiri, dzuwa litapendeka. Amayi apampando sanapite kwawo, anatsika nane pa kabaza ndi chikwama chawo chomwe. Mwana anali kumsana kwa apongozi. Ndinatambasula manja. Anandiyang'ana ngati mmene amayang'anira anthu a katemera, n'kubisa nkhope pakhosi pa agogo ake. Ndinamva ngati pansi patsika.

Amayi awiriwo anakhala pamkeka n'kuyamba kupatsana moni wautali, wa mvula, wa maliro amene anachitika tili kulibe, wa mwendo wa apongozi. Ine ndinagwada pambali, mabere akupweteka. Kenako amayi apampando anati, "Mwanayu wakhala akukama tsiku lililonse, ine ndi mboni. Mkaka umene uli umu ndi wa lero, si wa sabata yatha."

"Inu mwakhala a dokotala liti?" anatero apongozi.

"Tsiku lomwe inu munakhala a dokotala."

Apongozi anasisita kamwendo ka mwana. Kenako anati nditsuke mabere ndi madzi ofunda, mkaka woyambawo ndikamire pansi kuseri kwa nyumba. Ndinachita zonse osatsutsa. Nditabwera anamumasula n'kundipatsa.

Anakana. Anapotoza mutu, anakankha ndi manja, analira mpaka kuuma. Ndinayesa bere lina, anakananso. Ndinatenga chitenje chija m'chikwama kuti ndimupukute misozi. Chinkanunkha lubani, thukuta langa, ndi iye mwini. Anasiya kulira n'kuchigwira. Anachinunkhiza, anachilowetsa m'kamwa, kenako anatembenuka yekha n'kuyamba kufufuza, maso atatseka.

Anandiluma kaye. Dzino linali litamera ine kulibe. Kenako ndinamva kukoka kuja, kochokera kumsana, ndipo bwalo lonse linakhala ngati likuyandama.

"Akatsegula m'mimba, matewera muchapa awirinu," anatero apongozi, akudzuka kukatereka madzi a tiyi.

Sanatsegule m'mimba. Anayamwa mpaka anayamba kuthamangitsa nkhuku.

Amayi apampando sananene kanthu kumpingo. Koma Lamulungu lililonse tikakumana pakhomo la tchalitchi, amandigwira dzanja, nkhope ili yoopsa ngati ya mkulu wa mpingo weniweni, n'kundinong'oneza kuti, "Azamba ako adzuka bwanji?"