Denga Lopanda Mtengo

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale kunena kuti ndinagona kungakhale kunama. Usiku wonse amayi a mumpingo ankaimba pa maliro a bambo m'nyumba mwathu, mawu awo akumveka ngati tili m'tchalitchi chifukwa cha denga lija. Bambo analimanga ndi njerwa zokhazokha, lokhota ngati uta, lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Ine ndinkawaponda matope. Panja amuna ankaotha moto wa bulugamu wamuwisi, akutsokomola, ndipo nkhani yawo ndinkaidziwa. Kwathu munthu akamwalira nyumba yake inkagwetsedwa, ndipo amalume anali atanena kale kuti njerwa si chifukwa.

Kutacha kunagwa chiperoni. Anthu anayamba kutsika m'minda ya tiyi atafunda masaka, ena ochokera ku Masambanjati, ena ku Nsabwe. Othyola tiyi analoledwa theka la tsiku basi, kapitawo wawo ataima chapatali ngati nayenso wadzalira. Mzungu wa pa esiteti anatumiza matabwa a bokosi, mwiniwake osaoneka. Zinandiwawa. Chumuni cha fakitale yake anamanga ndi bambo. Ngalande yozunguza gudumu la makina anaiyeza ndi bambo, ndi chingwe ndi mbale ya madzi. Anachoka kwa Apwitikizi ali mnyamata wopanda kanthu, koma anafa phiri lonseli litadzaza ntchito za manja awo.

Popita ku manda tinawoloka pa mlatho umene bambo anamanga. Mtsinje unali utadzaza, ukukokolola nthochi, koma anthu anangodutsa osayang'ana n'komwe chimene apondapo. Mlaliki anayamikira bambo kuti sankamwa mowa ndipo sankachedwa ku mapemphero. Zoti ndi iwo anamanga tchalitchi chathu sanatchule. Ndinaluma nsalu yanga kuti ndisalankhule.

Titabwerako, amalume anafika ndi amuna onyamula makasu ndi nkhwangwa. Ndinaima pakhomo.

"Amalume, nanga mayi azigona kuti?"

"Tiwamangira ina ya matope. Ukufuna malemu azibwerera muno? Choka apo, mwana iwe."

Ndinayang'ana mayi kuti anenepo kanthu. Anangoweramitsa mutu. Ndinachoka.

Nyumba ya matope sichedwa, amangoikankha. Iyi anaimenya mpaka dzuwa kupendeka. Makasu anapindika, mpini wa nkhwangwa unathyoka, wina anadzipweteka phazi. Chimene anakwanitsa ndi kuzula chitseko ndi kuswa ngodya imodzi. Ena mwa iwo anaphunzira kugwira chipande chomangira kwa bambo, ndipo ndi amene ankamenya mwaukali kuposa onse, kuti asanenedwe. Amalume anapukuta thukuta n'kunena kuti mawa akabwereka migwala yachitsulo ku fakitale.

Madzulo anthu onse anabalalika. Tinatsala awiri ndi mayi, m'nyumba yopanda chitseko, muli zii. Mvula inayambanso, koma mkati simunagwe dontho. Ndinali ndikadali ndi ukali, ndikuganiza zokagona pakhomo kuti mawa ayambe andipyoza ine.

"Mzere wa njerwa uja anakusonyeza bambo ako," mayi anatero, "uja ankati ukachoka denga lonse likhala pansi. Ukuukumbukira?"

Ndinavomera.

"Mawa uwalozere. Sindingathe kumvanso akuwamenya bambo ako tsiku lonse."

Ndinakweza nyali n'kuyang'ana m'mwamba. Mzerewo unali pomwe paja, pakati penipeni, ndipo m'matope ouma munkaonekabe zala za bambo.