Tsiku Limene Boila Idakana Kuyaka

Marjorie Chikaonda adagwira unamwino ku Edmonton zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo makina a m'chipatala sankamuopsa. Koma boila ya gasi yotenthetsera m'nyumba mwake adali asadayigwirepo.

Lolemba lina m'mawa, mu Febuluwale 2009, chipale chofewa chitaimitsa mabasi, boilayo idangoti tiki tiki n'kukhala chete. Mayi ake, omwe adali atangotuluka m'chipatala ndi chibayo, ankanjenjemera m'mabulangeti atatu, milomo ili mbuu. Marjorie adadina mabatani onse, mpaka adaimenya ndi chikhatho. Okonza adamuuza kuti abwera Lachinayi.

Adaimbira a Wilbroad, Mzambia wa kutchalitchi kwawo wokonza mipope.

"Achimwene, mayi andifera muno!"

"Sisi, msewu watsekeka, siningabwele," adatero a Wilbroad. "Gasi ikununkha?"

"Ayi."

"Onani kawotchi kali pansi apo. Muvi uli pati?"

"Pa ziro."

"Ndiye madzi achepa. Pali kapaipi kasiliva kopindika. Tsegulani kampopi kake pang'onopang'ono, muvi ukafika pa wani mutseke."

Marjorie adagwada, misozi ikumutseka m'maso. Kampopiko kadali gwa, moti adachita kukapotokola ndi chogwirira cha supuni. Madzi adamveka akulowa, muvi n'kuyamba kukwera. Adatseka, nadina batani loyatsira, koma padalibe kanthu. Atadinanso, boila idati phuu, lawi n'kuoneka.

Adakokera mpando wa mayi ake pafupi ndi chitsulo chotenthetsera chipinda, n'kukhala pansi akuwawerengera mpweya mpaka kunjenjemera kudaleka.