Nsapato Zoyera za ku Pisita

Ndikukumbukira chaka chimene asilikali a Chipwitikizi analanda minda yathu ya kachewere kuseri kwa phiri n'kulambulapo bwalo la ndege. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mtsikana wosirira chilichonse chimene chili m'manja mwa wina. Bwalolo tinkalitcha pisita, monga ankalitchulira eni akewo, koma sitinkalitchula mokweza. Analizinga ndi waya waminga, ndipo mbuzi ikalowamo mwini wake ankangoti yatayika. Ife chathu chinali phokoso la ndege ndi fumbi lofiira lomwe linkatera pa masamba a nyemba.

Pisitayo inali yadothi, choncho inkafuna osesa. Sipayi, wapolisi wachikuda wochokera ku Ulongwe, anabwera kudzatenga munthu mmodzi pa nyumba iliyonse. Kwathu anatenga mkulu wanga Rozita, amene tinkawaitana kuti a mana.

Mtima wanga unayambira pomwepo kuwawa. A mana ankalawira m'mawa, n'kubwera dzuwa lili paliwombo atafumbata kachitini ka nsomba za sadinya, tsiku lina mabisiketi otchedwa mabolasha. Kenaka anabwera ndi nsapato zansalu zoyera mbee. Nsapato! Ine n'kumapita kukaphunzira ku shikola ku Fonte Boa chosavala, zidendene zitang'ambika ndi chisanu. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti eni akewo sankazivala n'komwe. Anangozipachika kudenga, ine n'kumaziyang'ana ngati galu woyang'ana nyama yowamba.

Ndikawafunsa mmene ndege imaonekera ukaiyandikira, ankangoti, "N'chitsulo basi." Ndinkati kumeneko n'kunyada, ndipo ndinkauza anzanga kuti a mana ayamba kudzimva ngati dona. Nsanje inandidya mpaka sadinyayo ndinkaikana, malovu ali chuchuchu.

Tsiku lina sipayi uja anabweranso, akuti osesa achepa chifukwa ena athawira ku Malawi. Sindinadikire kuti andiloze. Ndinadziponya kutsogolo n'kunena kuti, "Ine ndipita nawo, abambo. Kusesa ndimatha."

A mana anandikoka mkono mwamphamvu. "Ameneyu musamutenge, amagwa khunyu. Adzakugwerani pakati pa pisita ndege ikutera."

Ananena zimenezi pamaso pa mudzi wonse, chonsecho ine sindinagwepo khunyu chibadwire. Sipayiyo anabwerera m'mbuyo, nandibweza ndi ndodo yake osandikhudza. Bodzalo linandikakamira. Anthu ankati matendawo ngopatsirana, ndiye anzanga anasiya kudya nane chimanga chokazinga, ndipo m'kalasi ndinkakhala ndekha kumapeto kwa benchi. Ndinadana nawo a mana, sindibisa. Ndinkati anditsekereza dala kuti nsapato zoyera zikhale zawo zokha pamudzi. Ndinasiya kuwalankhula, ngakhale moni.

Amayi anaona zonsezi. M'mawa wina anandidzutsa mame asanakamuke. "Tenga chingwe, tikatole nkhuni kuphiri."

Nkhuni sitinatole. Tinakwera mpaka pa thanthwe lina lalikulu, amayi n'kundiuza kuti ndigone chafufumimba. Kumunsi kwathu kunali pisita ija, yaitali, yofiira, yosalala ngati pabwalo popunthira nyemba. Azimayi ndi atsikana anali atandanda phewa ndi phewa kuyambira m'mbali ina kufika m'mbali inzake, masache ali m'manja, akuyenda pang'onopang'ono. A mana ndinawazindikira ndi duku lawo lofiira. Asilikali anali kutali, cha kugeti, atakhala pa galimoto akusuta fodya.

"Amayi, nanga asilikaliwo atsaliranji kutali chonchija?"

"Yang'ana bwino, Mena. Akusesa chiyani pamenepo, poti palibe n'chinyalala chomwe?"

Ndinayang'anadi. Masache aja ankangokhudza pansi mwa mwambo chabe. Ntchito yeniyeni inali ya mapazi.

Amayi anapitiriza monong'ona. "Anyamata a kutchire omenyera ufulu amakwirira mabomba m'misewu, ndiye azunguwa amaopa kuti tsiku lina adzakwirira panonso. Amati ayambe aponda ana athu, ndege izitera pambuyo. Mkulu wako amapita chosavala kuti phazi lizimva pomwe dothi lafukulidwa."

Ndinaona duku lofiira lija likuima, mzere wonse n'kuima nawo. A mana anakhala choimirira ndi mwendo umodzi, phazi linalo lili m'malere, kenaka analitsitsa pang'onopang'ono. Amayi anandifinya dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Sipanachitike kanthu, ndipo mzere unapitirira. Atafika kumapeto ndi pamene galimoto ija inalowa, ndege n'kutulukira kuseri kwa phiri.

Masana a tsikulo ndinawatungira madzi osamba a mana, ndipo sadinya ndinadya. Iwo anangoyang'ana amayi, n'kutsitsa nsapato zija kudenga, kundiponyera pamiyendo. Zinandikulira, ndinkachita kutsendera nsanza kutsogolo kwake.

Pa pisitayo sipanaphulike bomba mpaka Apwitikizi anachoka, koma zimenezo tikuzidziwa lero. Iwo m'mawa uliwonse sankadziwa. Pano anthu anabzalaponso kachewere, ndipo a mana ndi okalamba, amakhala ku Domwe. Mpaka lero amayenda atazyolika, phazi kuyamba lafufuza pansi lisanaponde, adzukulu n'kumawaseka kuti agogo akufunafuna singano.

Ndi maso a ukulu ndikuona kuti ndinkasirira nsapato osafunsa kuti mwini wake akuponda pati. Dzina la khunyu lija silinandichoke msanga, ndipo ngakhale pa nthawi ya ukwati wanga akuchimuna anayamba alifunsa. Pali amayi ena achikulire kwathu amene tikakumana pamaliro amandifunsabe ngati ndinachira. Sindiwatsutsa ayi. Ndimangowauza kuti matenda amenewo anandipatsa ndi a mana, ndipo ndi amene anandisunga.