Kalamba ka m'wailesi ya apongozi

Wailesi ya ma CD ija apongozi anga aamuna anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo ikangotsokomola ankaimasula okha. Tsiku limenelo anayala matumbo ake onse pamphasa pakhonde. Ine ndikusenda mbatatesi chapatali, poti mtengwa sakhala pafupi ndi apongozi, diso lili pa mwana wanga amene anali atangoyamba kukwawa.

Ndinangotembenuka kutaya makoko basi. Basi!

"Kalamba kanga kali kuti?" anatero apongozi, akusanthula mphasa. "Kaphwatalala, koyera, kabuluu kunsonga. Muli timawaya tambirimbiri mmenemo. Popanda iko wailesi ndi bokosi chabe."

Ndinayang'ana mwana. Ali pambali pawo, dovu chuchuchu, akumeza. Kumeza chiyani?

Ndinamutsegula kukamwa, mulibe. Ndinamuzondotsa, anangoseka. Mtima unkafuna kukuwa kuti inu bambo, zinthu zotere amayala pansi pali khanda? Koma apongozi sakalipiridwa. Ndinagwada n'kufunsa: "Pepani, kanali kotalika bwanji?"

Anatambasula chikhatho, kenaka nawonjezera chala.

Mayo ine! Ndinabereka mwana, chitenje chopotoka, liwiro mpaka kuchipatala kwa Champiti. Anamwino anamugwira pamimba, namumvetsera kupuma, iye ali kalikiliki kukoka cholembera chawo.

"Mayi, munamuona akumeza?"

"Ayi, koma amameza china chilichonse. Dzana anadya chiphaso cha kusikelo, theka."

"Akupuma bwino uyu. Muziona matewera. Akasanza kapena akakana bere, muthamange naye kuno."

Masiku awiri ndinakhala wapolisi wa matewera. Kamtengo m'manja, kuseri kwa nyumba, kufufuza. Mwana akabzikula, ndinkatchera khutu ngati mwina mutuluka nyimbo. Apongozi nawo nsidze zili pansi, ankangofunsira patali: "Apongozi, katundu uja sanafike?"

Mmawa wachitatu ndikusesa, kunadutsa msoti wachilendo, kumwendo kukulendewera chinthu choyera, kunsonga kwabuluu. Tsache ndinaponya.

"Amayi! Nkhuku iyi?"

Apongozi aakazi anatuluka akupukuta manja. "Ndagula kwa anzathu aja kumtunda. Ndamangirira kuti isasokonekere ndi za eni. Kachingwe kabwino, sikaduka, ndinakatola pakhonde pomwepa."

Ndinakhala pansi pafumbi, mwana ndamukumbatira, ndikuseka misozi ikutsika. Apongozi aamuna, munthu wamkulu ndi ndodo yake, anali atayamba kale kuthamangitsa msoti kuzungulira nkhokwe.