Duwa la Azakhali Pampopi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinachoka kwathu ku Chiuta kukakhala ndi azakhali ku Balaka kuti ndiphunzire sukulu yabwino. Azakhaliwo anakwatiwa ndi kalaliki wa kusiteshoni ya sitima, ndipo chikwatiwireni fungo la nsomba linayamba kuwadwalitsa mutu. Akafunsidwa kwawo ankangoti "cha ku Machinga", n'kusintha nkhani.

Tsiku lina anachokera ku Zomba atanyamula chomera mumphika wopaka utoto. Anati ndi duwa lachizungu lokonda chinyontho, amalidzala m'mphepete mwa tizitsime tokongoletsa pakhomo. Anakalidzala pampopi, pamene madzi otsukira mbale ankadikha. Ine nditaliyang'ana ndinaseka, n'kutchula dzina lake. Unali mlulu, udzu wobiriwira wosongoka uja umene kwathu timauponda popita kubwato.

"Ukadzatchulanso dzina limenelo, ubwerera kwanu," anatero azakhali. Ndinatseka pakamwa, n'kumauthirira m'mawa uliwonse ngati mwana wodwala.

Mlulu sudziwa ulemu. Unakula msanga, wonenepa, mpaka azakhali anaitana amayi anzawo a kutchalitchi, akazi a aphunzitsi ndi a makalaliki, kuti adzamwe tiyi n'kuona duwalo. Tsiku lomwelo, Loweruka, bambo anga anatulukira panjinga ndi dengu la nsomba za makumba, atapalasa kuchokera mbandakucha. Anapeza alendo ali m'nyumba, ndipo poti ndi munthu wosadziwa kubwera chimanjamanja, anaganiza zopatsa aliyense ndiwo zokadya kwawo. Anayang'ana uku ndi uku kufuna chotungira. Anachipeza pampopi.

Pamene azakhali ankatuluka ndi alendo awo, duwa lonse linali litametedwa mpala. Bambo anali chikhalire pansi, akutunga nsomba zisanuzisanu pamlulu monga timachitira kudoko, akumwetulira.

"Achemwali, mwachita bwino kudzala mlulu pafupi," anatero. "Koma mukanandiuza, ndikanakubweretserani mtolo wathunthu. Kwathu ukungotitsekera njira."

Mayi wina anatsokomola pobisa kuseka. Azakhali anayang'ana mlongo wawo, wa bere limodzi, n'kutembenukira kwa alendo.

"Ndi bambo wogulitsa nsomba ameneyu. Amangotchula mayi aliyense kuti achemwali."

Bambo anandiyang'ana ine. Ndinali nditanyamula thireyi ya makapu, ndipo ndinayang'ana makapuwo. Ndinkaifuna sukulu ija. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Iwo anamaliza kutunga, anapereka nsomba kwa mayi aliyense ndi manja awiri, n'kukankha njinga yawo. Amayi aja nsombazo sanakane, iyayi.

Masiku ano mlulu uli paliponse ku Balaka, m'matayala opaka laimu pakhomo pa malo ogona alendo, ndipo anthu amajambulitsa pomwepo monyadira kuti ndi zachilengedwe zakwathu. Wa azakhali uja unaphukanso pasanathe mwezi. Bambo anakhala ndi moyo zaka zina zambiri, akubwera ku Balaka kudzagulitsa nsomba, koma ndikafuna kuwaona ndinkawapeza kumsika.