Gemu Imene Ndinaletsa Mosadziwa

Ndimagwira ntchito pachipatala ku South Bend, mzinda wa kuno kutsidya kwa nyanja. Ndimakankha mabedi. Wodwala akafunika kukajambulidwa amandiitana, ndimamutenga, ndimamubweza. Ntchitoyi siifuna mawu ambiri, ndipo ine mawu ambiri ndilibe. Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Chingerezi choyankhula ndinatolera konkuno, chokwanira kufunsa njira ndi kupepesa. Chowerenga chimandivuta mpaka lero.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamwamuna. Amakhala ku Indianapolis ndi mkazi wake. Mwanayo anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chichewa amamva chonse, koma kuyankha amayankha m'Chingerezi. Mayi ake ali moyo, nkhani zathu zinkadzera mwa iwo. Ine ndikalankhula mokalipa iwo ankafewetsa. Iye akalankhula mothamanga iwo ankandimasulira. Atamwalira, tinatsala awiri ngati anthu okumana padepoti. Pafoni inkangokhala muli bwanji, galimoto ili bwanji, uko kukuzizira. Kenako zii.

Amene anandikoka ndi apongozi anga, mkazi wakeyo. Ndi namwino, anabadwira kumudzi ngati ine.

"Bambo, muzibwera Loweruka mudzaone ana anu akusewera," anatero pafoni. "Kukhala nokha m'nyumba muja si bwino."

Ulendo wake ndi maola awiri ndi theka, minda ya chimanga uku ndi uku, msewu wogonetsa tulo. Ndinapita. Pa tebulo la m'khitchini ndinapeza atatu: mwana wanga, apongozi, ndi mnzawo wa kutchalitchi, Mmalawi wogwira ntchito ya makompyuta, munthu wosatseka pakamwa.

Gemu yake ili chonchi. Mmodzi amasimba nkhani. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wolembedwa papepala, mphamvu zake ndi zida zake. Wosimba akati mwafika pamlatho wothyoka, iwe umanena zimene munthu wako achite, n'kuponya dayisi kuti uone ngati zatheka. Malamulo ake ali m'buku lonenepa ngati njerwa. Wosimba anali mwana wanga.

Maulendo awiri oyamba ndinangoonerera. Mumtima ndinkati anthu akuluakulu awa, madigiri m'thumba, akusewera masanje. Ulendo wachitatu mwana wanga anandikankhira pepala. Anayesa Chichewa chake chopindika.

"Adadi, tikusowa munthu wa nkhwangwa. Tikufa kwambiri."

Munthu wanga anali wosula zitsulo, wamfupi, wosakonda kulankhula. Ndinadziwa kuti wachita kundisankhira. Ndinalandira pepalalo.

Malamulo ananditengera zaka ziwiri. Ndinkafika m'mawa mnzawo uja asanabwere. Mwana wanga ankatsegula buku, n'kuwerenga tsamba limodzi, n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Ine ndinkalemba m'kope m'Chichewa changa. Ndikakaniratu kumva ankatenga nyemba n'kuyala patebulo, uyu mdani, uyu inu. Mapeto ake buku lonse linalowa m'mutu. Sindinkafunanso kuwerenga chilichonse pamaso pa anthu.

Patebulo paja mwana wanga ankandiseka. Chiyambire anali asanayerekezepo. Dayisi ikagwa moipa ankapukusa mutu.

"Adadi mwagweranso m'dzenje."

"Wandikumbira dala iwe."

"Ankolo, nkhwangwa yanuyi munagula kukaunjika eti?" ankalowerera mnzawo uja. "Sabata yachitatu ino simunamenyepo munthu."

"Ndiyambira pa iwe."

Pagemupo mwana wanga ankatha kundikaniza, ine n'kutsutsa, iye n'kutsegula buku kundionetsa kuti ndalakwa. Pobwerera ku South Bend ndinkayendetsa galimoto ndikukanganabe naye m'mutu. Zinkandikomera. Sindinamuuzepo.

Chaka chachitatu, nthawi yotentha, anandigulira tikiti ya chionetsero cha magemu muholo yaikulu ya pakati pa Indianapolis. Anthu anali mbwee, ena atavala zipewa za nyanga. Miyendo inandipweteka. Kungodya ina tinapeza mzungu wokalamba, wa msinkhu wanga, atakhala pakatebulo akugulitsa timabuku topyapyala. Mwana wanga anamuzindikira. Anali mmodzi mwa anthu amene analemba buku lathu lija.

Anacheza nthawi. Ine ndinatolapo zochepa, zina anandimasulira titatuluka. Kampani yopanga gemuyo inagulidwa ndi anthu ena. Eni atsopanowo anachotsa ntchito onse amene analemba bukulo. Posindikizanso anafufuta mayina awo patsamba loyamba. Mkuluyo ankafotokoza zimenezi mosakwiya, akusalaza timabuku take ndi dzanja. Kusakwiyako ndi kumene kunandipweteka.

Ine ndinagwirapo zaka zisanu ndi zinayi pafakitale ina kum'mawa kwa South Bend. Tsiku lotichotsa, ndisanatuluke n'komwe pageti, munthu anali akupala kale dzina langa pachitseko cha kabati yosungiramo zovala.

Madzulo a tsikulo tinali kudya mpunga ndi nkhuku kunyumba kwa mwana wanga. Mnzawo uja analipo. Buku linali pambali pa mbale. Ndinaliyang'ana, mtima unabwadamuka.

"Kampani imeneyi ndi ya anthu ouma mtima," ndinatero. "Munthu wanzeru sangagwirenso buku lawo."

Ndinali kungodandaula, momwe ndimadandaulira chipale chofewa chikatseka msewu. Koma mnzawo uja anatsitsa supuni. Apongozi anayang'ana pansi. Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ankolo anena," anatero mnzawo uja, mopanda nthabwala.

Ndinali nditaiwala. Kuchipatala ndikalankhula palibe amatembenuka. Koma pamenepo ndinali wamkulu yekhayo pakati pa ana oleredwa bwino, ndipo wamkulu akalankhula pa chakudya ana samva ngati maganizo. Amamva ngati chigamulo.

Patapita masabata awiri ndinapeza tebulo lasintha. Panali buku lina, la kampani ina yaing'ono, ndi mulu wa makadi. Mwana wanga nkhope inali yowala.

"Adadi, munanena zoona," anatero m'Chingerezi. "Tinakambirana tonse. Gemu ija taisiya. Ndawauza anzanga kuntchito kuti bambo anga akana kusapota anthu amenewo. Sanakhulupirire."

Ndinali ndisanamumvepo akundinyadira chonchi. Mawu obweza anali pakhosi. Anakhala pomwepo.

Gemu yatsopanoyo ndi yamakadi. Nthawi yako ikafika umatola khadi, n'kuwerenga mokweza zimene zalembedwa, n'kusankha. Zilembo zake zing'onozing'ono, Chingerezi chake chozama. Khadi lililonse losiyana, ndiye sungaloweze. Ndinatola loyamba, ndinaliyang'ana. Onse anadikira.

"Magalasi ndaiwala," ndinatero. Anali m'thumba.

Ulendo wotsatira bodza limenelo silikanagwiranso. Ndinawerenga liwu ndi liwu, chala chili pakhadi. Mnzawo uja anayamba kuseweretsa foni pansi pa tebulo. Apongozi ndi amene anazindikira. Anayamba kumati, "Bambo, tabwerekeni ndione chithunzi chake," n'kundinong'oneza tanthauzo pobweza khadi. Ankachita mwaulemu. Koma munthu wa zaka zanga kuwerengeredwa ndi mpongozi, manyazi ake ndi osanena.

Mumsewu wobwerera ndinkadzifunsa. Kampani ija ndimadana nayo, sindinasinthe. Koma mabuku tinagula kale. Tikaponya dayisi m'khitchini, eni kampani sapindula kanthu. Khasu losulidwa ndi munthu woipa limalimabe. Komanso amene analemba malamulo amene ali m'mutu mwangamu si eni atsopanowo, ndi mkulu uja wa pakatebulo. Ndikaganiza choncho ndinkaona ngati nkhani yatha. Ndikafika pafupi ndi kwathu maganizo ena ankabwera. Gemu ikamaseweredwa imakopa ena, enawo amakagula. Ndipo ine ndinalankhula pamaso pa ana. Wamkulu sameza malovu amene walavula.

Ndinayamba kuvomera mashifiti a Loweruka. Mwezi wathunthu sindinapite. Foni inabwerera mwakale, muli bwanji, galimoto ili bwanji.

Kuzizira kutayamba, apongozi anandiimbira kuti ndibwere basi, sakufuna kumva zifukwa. Nditafika anatituma awiri, ine ndi mwana wanga, kukagula nsomba zouma ndi nyemba kusitolo ina ya mumsewu wa Lafayette. Ndikuganiza anachita dala. Titagula tinakhala m'galimoto, injini ikulira, mphepo ikukankha mapepala pabwalo.

"Makadi aja sinditha kuwerenga," ndinatero.

Anazimitsa wailesi.

"Gemu yakale ndinailoweza. Iyi sindingathe. Tsiku lija ndinkangolankhula. Sindinati musiye."

"Bwanji simunanene?" Anafunsa m'Chichewa.

"Unali utauza kale anzako kuntchito."

Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenako anati mabuku akale aja anakawasiya kusitolo yolandira zinthu zakale, sabata yomweyo. Anati angandiphunzitse yatsopanoyo ngati poyamba. Koma tonse tinkadziwa kuti vuto si malamulo. Makadi ndi mazana, ndipo maso anga ndi Sitandade 6 yanga sizisintha.

"Ndiona chochita, adadi," anatero.

Sindinadikire kuti aone. Lolemba nditaweruka ndinalowa m'sitolo ya magemu ku South Bend. Buku lija linalipo, losindikizidwa kumene, chikuto chonyezimira. Ndinatsegula tsamba loyamba. Mayina munalibedi. Ndinaima nalo m'manja mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikufuna thandizo. Ndinalipira. Mabuku oyamba aja anagula ndi mwana wanga, kampani isanasinthe manja. Pa ife tonse, munthu yekhayo amene anapatsa ndalama eni atsopanowo ndine.

Loweruka ndinafika makadi atayalidwa kale. Ndinaika bukulo pakati pa tebulo.

"Ndinalankhula molakwa tsiku lija," ndinatero. "Kampaniyi ndimadana nayobe. Koma ndikufuna tibwerere ku gemu yakale."

Mnzawo uja anayang'ana makadi aja. Ndinkadziwa kuti yamakadi ija waikonda kwambiri, ndi amene anaipeza. Apongozi anayamba kusonkhanitsa makadi n'kumaika m'bokosi.

"Chabwino, adadi," anatero mwana wanga.

Ndinkafuna wina anditsutse. Ndinkafuna mnzawo uja anene kuti ankolo mwagulidwa, kapena kuti dzulo mumatukwana lero mukupembedza. Ndikanamuyankha, tikanaseka, nkhani ikanatha. Palibe ananena. Wamkulu walankhulanso.

Tinasewera. Malamulo onse ndinali nawo m'mutu, palibe ndi limodzi lomwe linathawa. Wosula zitsulo wanga anafika pachitseko chachitsulo, ndinati ndichithyole, ndinaponya dayisi, inagwa moipa. Ndinadikira kusekedwa.

"Ponyaninso, adadi," anatero mwana wanga. "Yagunda mbale, siiwerengedwa."

Siinagunde mbale. Tonse tinaona.

Ndimadziwa momwe anthu amalankhulira kwa wodwala, ndimamva tsiku lililonse m'zipinda za kuchipatala. Mawu ofewa, kuvomera chilichonse, kuyang'ana wotchi mobisa. Ndi momwe ankasewerera nane gemuyo.

Mnzawo uja anayamba kujomba. Mwana wadwala, galimoto ili kugalaja. Kenako ndinamva kwa apongozi, mosafuna kunena, kuti yamakadi ija amasewera Lachisanu kunyumba kwake ndi anthu ena, ndipo mwana wanga amapitako. Sindinakwiye. Kumeneko ndiye amaseka.

Kwa mwana wanga ndimapitabe, kamodzi pamwezi. Patebulo ndimasamala pakamwa. Tiyi akazizira sindinena, kuopa kuti apongozi angataye ketulo n'kugula ina. Tsopano timakhala atatu.

Loweruka lapitali ndinapeza mwana wanga waika zonse ziwiri patebulo, buku langa lopanda mayina ndi bokosi la makadi.

"Lero tisewere iti, adadi?"

"Sankhani inu. Nyumba ndi yanu."

"Ayi, nenani inuyo."

"Ndati sankhani."

Anadikira. Apongozi nawo anadikira, manja ali pamiyendo. Firiji inkalira. Ndinaona kuti tikhala chonchi mpaka dzuwa kulowa. Ndinaloza buku lakale, chifukwa ndi lokhalo ndimadziwa, ndipo mwana wanga analitsegula.