Corolla ya Ba Whyson Inkamwa Madzi

Ku Chawama, mukafunsa makanika wodziwa injini zotentha, aliyense akulozerani kwa Ba Whyson. Anachoka ku Katete ali mnyamata, naphunzira ntchitoyi popatsira ena masipanala, ndipo lero ali ndi malo awoawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Amangonunkhiza boneti n'kutchula matenda. Galimoto yokhayo imene sankaipezera nthawi inali yawo.

Ka Corolla kawoko kankadontha madzi, ndipo malo ake ankawadziwa bwino. Pamene paipi yaikulu ya ku lediyeta imalowera mu injini pali kachivundikiro ka mabauti awiri kosunga themositati, kachitsulo kotsegulira madzi injini ikatentha. M'mbali mwa kachivundikiroko munali mutayera ngati mchere, ndipo m'mawa uliwonse pansi pankakhala kachithaphwi.

"Ni hauzing'i chabe iyi," ankatero akuloza ndi kiyi. "Nchito ing'ono. Nizapanga pa Sondo."

Masondo anadutsa ambiri. Panalibe chofulumirira, popeza kwa iwo madzi ankangopezeka okha. Akadzuka, zigubu zinali kale pakhomo, china cha m'lediyeta, china cha m'buti chothira panjira.

Zigubuzo zinkabwera pamutu pa akazi awo, Ba Ennie. Timakhala bwalo limodzi, ndipo pamzere wa pampopi ndinkakhala kumbuyo kwawo. Ankatunga madzi a galimoto poyamba, kenako osamba abambo, a ana pomalizira. Akamafika kumsika wa Soweto kukaoda tomato, wabwino anali atatha. Ankabwera ndi wophwanyika, ndipo makasitomala awo anayamba kuima pathebulo la ena.

Tisawanamizire Ba Whyson, ankayesako. Anaswera dzira laliwisi m'lediyeta. Anamata sopo. Anamanga malegeni. Dzira ndi sopoyo zinali za m'kabati ya Ba Ennie.

Tsiku lina anatuluka n'kupeza zigubu zili mbee, akazi awo atamanga kale chitenje, dengu lili m'manja.

"Amake Taonga, manzi ya motoka yali kuti?"

"Yali ku pompi, batate ba Taonga. Vigubu ni ivo."

"Ine? Na vigubu? Pakati pa bazimai?"

"Ngati motoka ni mukazi wanu wachibili, azizitapila eka. Ine tomato iniyembekeza."

Ba Whyson anasankha ulemu wawo, nanyamuka osathira kanthu. Ulemuwo unawafikitsa pa Kafue Road pokha. Nthunzi inatuluka m'boneti pamaso pa madalaivala a minibasi, omwe theka lawo ndi makasitomala awo.

"Ba dokota!" anakuwa kondakitala wina. "Lelo odwala ndimwe? Tiitane makanika?"

Anaikankhira kunyumba anyamata a pasiteji akuseka. Injini itazizira, Ba Whyson anakhuthulira madzi otsala m'beseni lochapira la Ba Ennie, namasula paipi ndi mabauti aja. Gasiketi, imene imatseka mpata wa pakati pa kachivundikiro ndi injini, inali itawola, kachivundikiro katang'ambika pafupi ndi bauti. Anakagula kena kwa ogulitsa zitsulo zakale, napala pokhalira pake mpaka pasalale, naika gasiketi yatsopano, namanga mabauti mosinthanasinthana kuti kasapendeke. Anadzaza lediyeta ndi madzi osamba ana, nailiza injini mpaka fani inazungulira. Sipanagwe dontho. Ntchito yonse inatha mthunzi wa mpanda usanafike pakhomo.

Ndiye anatiitana tonse a pabwalo kuti tione dothi louma.

"Mwaona manja aya? Benangu sembe bachosa injini yonse."

Ba Ennie anali atabwerako, akusanja pathebulo tomato wolimba, wofiira bwino.

"Manje amake Taonga," anatero Ba Whyson akupukuta manja pa nsalu ya mbale, "popeza motoka yaleka kumwa, yaja manzi muzitapa chabe, tizisukila. Makanika safunika kuyenda na motoka ya doti."

Ba Ennie sanadzutse mutu.

"Nkhata ili pa msumali," anatero.